Stalin wa Kudimba Kwathu ku South Bend

Aise, wafika? Kokera mpando pafupi ndi kompyutayo, ndipo ngati uli pantchito utchere khutu kuchitseko abwana asakupeze. Lero sindikuseka. Ndikudziwa unazolowera kuti Chrissie akalemba pabulogu pano ndiye kuti wina wapusitsidwa, koma ulendo uno chitsiru ndine, ndipo mtima ukundiwira mpaka pano.

Choyamba, ndilibe mimba. Inu amene mwaimbira amayi anga ku Ntcheu, Mulungu akukuonani. Tsopano tiyambire poyambira.

Ife a Malawi a kuno ku South Bend tili ndi dimba. Tchalitchi china chinatibwereka kamalo kuseri kwa poimika magalimoto mu 2003, ndipo amene anakapempha ndi bambo Kenan Chikadza, tcheya wa gulu lathu. Chaka choyamba a Chikadza anati zonse zikhale za tonse: tilimire limodzi, tikolole limodzi, tigawane. Aise, udzu unafika m'chiuno. Loweruka lopalira aliyense anali ndi dabulo shifiti kuntchito, koma tsiku lothyola ndiwo panalibe ndi mmodzi yemwe wa shifiti. Chaka chachiwiri a Chikadza anavomera kuti zakanika. Anati banja lililonse litenge mizere yake, likakolola lizipereka kathumba kamodzi ku filiji ya gulu kuti tizidyetsa alendo ndi anthu pamaliro, zotsalazo ndi zako, udye kapena ugulitse. Dimba linadzuka.

Amene anadzuka nalo kwambiri ndi Anti Vainess, mng'ono wawo wa amayi anga, amene ndimakhala nawo. Ndi nesi, komanso anali wachiwiri kwa tcheya. Nkhwani wawo anthu ankamuyendera kuchokera ku Indianapolis, maola atatu pamsewu, chifukwa si wa maungu a kuno okhala ngati mpira aja. Nthanga zake anapatsidwa ndi mayi awo, agogo anga, amene anamwalira mu 2005, ndipo munda wawo kumudzi anthu anamangapo kale nyumba. Chaka chilichonse Anti amasiya dzungu limodzi kuti likhwime, amalimanga kansalu kachitenje, limenelo ndiye mbewu ya chaka chamawa. Nthanga zotsala amagawira anthu, anthuwo n'kudya masamba ndi maluwa omwe osasiya kanthu. Ndiye gwira mfundo iyi: dzungu la kansalu likatayika, mbewu ya agogo yatha padziko lapansi.

Ndiye pali ankolo Bizwick, mlembi wa gulu. Munthu wofatsa, wa tayi ngakhale pa pikiniki. Mzere wawo kudimba, udzu wake, ngakhale mbuzi ikhoza kusocheramo. Koma listi ya mafoni ndi maimelo ili kwa iwo, kiyi wa geti ali kwa iwo, filiji ya gulu ili m'galaja mwawo. Ine pa listi imeneyo anandidilita mu Epulo, nditalemba bodza loti shopu ina ku Chicago yalandira chambo chachiwisi. Anthu khumi ndi mmodzi anakwera sitima. Chabwino, pamenepo ndinalakwa, ngakhale kuti zinali zokoma.

Kukoleji ndinatenga kalasi ya mbiri ya Russia, osati mokonda, koma ndi yokhayo imene sinkawombana ndi shifiti yanga kunyumba yosamalira okalamba. Ndinapezeka ndikumvetsera kukamwa kuli yasa. Achikomyunizimu atangotenga boma ankalanda tirigu kwa alimi, alimi anagwa ulesi, njala inapha anthu. Mu 1921 mtsogoleri wawo Lenin anabwerera m'mbuyo: perekani gawo ku boma, zotsala gulitsani. Ndinaseka ndekha m'kalasi, ndinati awa ndi a Chikadza enieni. Kenako Lenin anadwala sitiroko, ana ake a m'chipani n'kuyamba kuyang'anizana ndi diso lofiira. Trotsky wodziwa kulankhula, wodzimva. Bukharin wouza alimi kuti limani mulemere. Ndi Stalin, amene ena ankamuyesa kalaliki chabe wosunga mafayilo, osadziwa kuti wosunga listi ndiye mwini mudzi.

Mu Meyi a Chikadza nawo anagwidwa sitiroko. Mwana wawo Belinda anawatenga kukakhala nawo ku Lawrence, kumbali kwa Indianapolis. Pa pikiniki ya 6 Julaye nkhani inali imodzi yokha, yonong'onezana: adzalowa pampando ndani? Aliyense ankadziwa kuti ndi Anti Vainess.

Ine ndinali kutembenuza nyama, ankolo Bizwick ataima pambali ndi mbale yawo. Pakamwa panga pamandiyabwa nthawi zonse, ukudziwa.

"Ankolo, mukudziwa kuti inu ndinu Stalin?"

"Iwe, ndine dikoni ine. Usandifanizire ndi achikunja."

"Ayi, ndikunena za ulembi. Mukudziwa mmene anamugwetsera mnzake? Lenin atamwalira, Trotsky anali paulendo wokapuma chifukwa ankadwala. Iye ankanena kuti Stalin anamuuza tsiku lolakwika la maliro, akuti sungafike nthawi yake, pitiriza ulendo wako. Maliro anachitika iye kulibe. Apulofesa akuti akatswiri amatsutsana ngati anapusitsidwadi, koma anthu anangoona chinthu chimodzi: munthu sanabwere kumaliro."

Ankolo anasiya kutafuna. "Basi? Chifukwa cha maliro okha?"

"Zinalipo zina zambiri, koma pamenepo ndiye anayambira kuterereka. Tangoganizani akanakhala Mmalawi!"

Anaseka, ine ndinaseka, anandiwonjezera soseji m'mbale. Soseji imeneyo ikundikhalabe pakhosi.

A Chikadza anamwalira Lachiwiri lina mu Ogasiti. Sabata imeneyo Anti anali ku Chicago kumaphunziro a ntchito, otha Lachisanu madzulo. Anandiimbira akulira, akuti ndikusiya zonse, ndikupita ku Indianapolis. Patapita ola anaimbanso.

"A Bizwick andiimbira. Akuti mwambo wotsanzika ndi Loweruka teni koloko, thupi linyamuka Lamlungu. Akuti ndimalize kaye maphunzirowa, kuphika kuli anthu okwanira. Iwe ukathyole nkhwani Loweruka m'mamawa, malemu ankakonda wotendera."

Lachisanu kuntchito anzanga awiri a ku Malawi sanabwere. Ndinangoti apita msanga kukagona pamaliro. Imelo sindilandira, chifukwa cha chambo chija. Ndipo mutu wanga uwu, umene unakhoza mayeso a nkhani yomweyi, sunagunde belu ngakhale kamodzi.

Loweruka tinanyamuka dzuwa likutuluka, poto wa nkhwani titamukulunga m'thawulo kumpando wakumbuyo, ife titavala zitenje ndi mipango. Msewu wa 31, maloboti onse a ku Kokomo anatigwira limodzi limodzi. Titafika kutchalitchi ku Lawrence tinapeza mabaluni a pinki pachitseko. Azungu akuchita phwando la mwana wobadwa kumene. Mayi wina anatifunsa mwaulemu ngati tabwera kudzapereka zakudya.

Tinapita kunyumba kwa Belinda. Iye sanapite ndi thupi chifukwa mapepala ake sanali bwino, akanatuluka sakanabwereranso. Anatsegula chitseko maso atatupa, anatiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato.

"Anti, mwabwera lero?"

"Mwanawe, si lero kodi?"

"Mwambo unali dzulo. Adadi anyamuka m'mawa uno. Ankakufunsani mpaka lilime linakanika. Ankolo Bizwick anati akuuzani, inu mwati muli bize ndi sukulu."

Anti anagwada pakhomo pomwepo, pa simenti, n'kuyamba kulira maliro okha, opanda wowalandira. Ine ndinaima ndi poto m'manja ngati mtengo. M'mutu mwanga munangobwera tayi, mbale ya pepala, ndi funso lija: basi, chifukwa cha maliro okha?

Pobwerera ndinaulula zonse. Anti anandiyang'ana cham'mbali.

"Ndiye unamuphunzitsa ndiwe."

"Inali nthabwala, Anti! Tiyeni tiimbire anthu pompano, tiwauze kuti bambo aja ndi abodza."

"Ndani anamva zimene anandiuza pafoni?"

"Palibe, koma—"

"Thupi la munthu lili mumlengalenga, ine ndiyambe kukangana za masiku? Sindinaleredwe choncho. Ondidziwa akundidziwa."

Ndinafuna kuluma lamba wa mpando. Ondidziwa akundidziwa! Trotsky nayenso ankaganiza kuti mbiri yake imulankhulira. Anti anga pamaliro anali Trotsky, kudimba anali Bukharin, ndipo ukafuna kudziwa mmene awiriwo anathera, wina anamuwombera, wina anamutema m'mutu ali ku Mexico.

Sabata yotsatira mnzanga anandifowadira imelo yokumbukira malemu imene ankolo anatumizira gulu lonse. Munali chithunzi cha tsiku lotsegulira dimba. Chithunzi chimenecho ndimachidziwa, chili pafiliji yathu: a Chikadza pakati, Anti kudzanja lawo lamanja atagwira khasu. Mu imelomo a Chikadza analipo, ankolo Bizwick analipo, khasu linalipo. Pa mpini wa khasulo panali dzanja lokha, la wotchi ya Anti, lopanda mwini. Zimenezi sindinawaphunzitse ine, aise. Anatulukira okha. Munthu ali ndi luso.

Kutchalitchi moni anayamba kufupika. Azimayi amene ankabwera ndi majumbo kudzapempha nkhwani ankangoti “tili bwino” n'kuyang'ana kumbali. Kwathu ukhoza kuba mbuzi anthu n'kukukhululukira, koma kujomba maliro a munthu amene ankakutcha mwana wake, n'kumati uli bize? Watha.

Msonkhano unachitika Lamlungu lina mu Seputembala, mapemphero atatha, m'chipinda chapansi pa tchalitchi. Ankolo anaimirira, anakonza tayi.

"Abale, malemu anayambitsa dimba kuti litigwirizanitse. Lero lasanduka golosale ya anthu ena. Ena alemera nalo mpaka alibe nthawi yoperekeza amene anawapatsa malowo. Sinditchula dzina." Anthu anati mmm. "Ndikupempha kuti tibwerere ku masomphenya oyamba a malemu. Mizere yonse ibwerere ku gulu. Zokolola zonse zizipita ku filiji ya gulu, komiti izigawa."

Filiji ya gulu, imene ili m'galaja mwa ndani? Ndinaimirira mpaka mpando unagwa.

"Ankolo, mukunama! Masomphenya oyambawo ndi aja anabala udzu, a Chikadza anawasiya okha! Ndipo Anti munawauza Loweruka dala. Nzeru imeneyo ndinakupatsani ndine pa 6 Julaye, ndikuotcha nyama, ndinakuuzani za Stalin ndi Trotsky!"

Kenako bambo wina kumbuyo anati, "Si uyu wa chambo uyu?"

Chipinda chonse chinaphulika. Wina akuti, "Tirotisikiyo amakhala ku Indianapolis kapena?" Wina akuti ndibweze kaye tsiku lake limene anataya pasitima. Ankolo anangopukusa mutu mwachisoni ngati m'busa.

"Mwana uyu tonse timamudziwa. Khala pansi, iwe, akuluakulu akulankhula."

Ndinayang'ana Anti kuti anene kanthu. Anali atapinda manja, akuyang'ana khoma. Anthu anavota. Manja anakwera ngati chimanga cha feteleza, otsutsa anali anayi okha. Ankolo anakhala tcheya, ulembi osausiya, akuti mpaka apezeke woyenera.

Apo ndi pamene Anti analankhula, motsitsa mawu. "Mizere tengani. Ndikupempha dzungu limodzi, lili ndi kansalu. Ndi mbewu ya mayi anga."

"Mayi, tangovota kumene," anatero ankolo. "Tikayamba kupatula, aliyense abwera ndi nkhani ya mayi ake. Dzungulo ndi la gulu. Tidzaliphika pa chikumbutso cha malemu, mudzalawa nawo, ngati simudzakhala bize."

Aise, ndinaona mdima masana. Mawa lake geti linali ndi loko watsopano.

Ndinauza Anti kuti alimi a ku Russia, Stalin atawakakamiza kulowa m'minda ya boma, ambiri anapha ng'ombe zawo m'malo mozipereka. Ndinati tiyeni tikazule zonse, asapeze ngakhale tsamba. Anti anati ndikangoyerekeza ndikafune kokhala. Chabwino. Sanatchule za dzungu.

Loweruka lokolola za gulu linali loyamba la Okutobala, kukuzizira kale. Ndinabwereka chijekete cha Anti cha nthawi ya chipale, chija chofika m'mawondo, ndinamanga chitenje m'kati, mpeni wa kukhitchini m'thumba. Ndinafika ngati mwana wolapa: "Ankolo, ndabwera kudzathandiza gulu." Anasangalala, anandipatsa jumbo.

Mizere ya Anti inali itapondedwapondedwa, masamba atathyoledwa ngati mwadutsa dzombe. Dzungu linali pakona, kansalu kake kali pompo. Ndinagwada ngati ndikuzula udzu, ndinadula, ndinaliloweza m'chitenje, ndinamanga mfundo ziwiri, zipi mpaka m'khosi. Kulemera kwake! Amayi amene munabereka mapasa, ulemu wanu.

Vuto linali limodzi: geti ndi limodzi, ndipo ankolo anaima pomwepo akusuzumira m'majumbo a anthu otuluka. Ndinayenda dzanja lina kumsana, miyendo tang'a, ndikupuma ngati ng'ombe.

"Iwe, ima. Walowa wopanda mimba iwe."

"Ndinaibisa, ankolo. Ndatopa nako kubisa."

"Usandipusitse. Tsegula chijeketecho."

Ndinakweza mawu kuti dimba lonse limve. "Ndivule? Pamaso panu? Bwerani mundigwire nokha pamimba, adikoni, anthu aone!"

Makasu onse anaima. Ankolo anatambasula dzanja, linafika pakati, linaima. Amadziwa kuti ndi dzungu. Ine ndimadziwa kuti akudziwa. Koma bambo wa tayi, tcheya watsopano, agwire mimba ya mtsikana wosakwatiwa azimayi khumi akuyang'ana?

Anabwera mayi Ida, mmodzi wa anayi amene anakana kuvota nawo aja, mayi wamkulu amene ngakhale abusa amamuopa. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana pamimba.

"Bambo Bizwick, manyazi mulibe? Mwana wa eni ake ali ndi pakati, inu mukumuimika padzuwa? Tsegulani getilo."

"Mayi, si mimba imeneyo, ndi—"

"Munaberekapo kangati inu kuti muzidziwa mimba?"

Geti linatseguka. Mayi Ida anandigwira mkono kundiperekeza mpaka pamsewu, n'kundinong'oneza: "Kokera chijeketecho pansi, chitsiru iwe, kansalu kakuoneka. Ndipo ukawauze a Vainess kuti Lachinayi lija ndinawaimbira kamodzi, foni inali yozima, bambowa n'kutiuza kuti tisawavutitse. Ndinapusa nanenso."

M'basi bambo wina wachizungu anandipatsa mpando, n'kufunsa kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndinati sitinayezetse.

Kunyumba ndinapeza Anti akusita yunifolomu. Ndinatsegula zipi, ndinamasula mfundo, ndinaliika patebulo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anagwira kansalu kaja. Kenako anatenga chimpeni chachikulu chodulira nyama, ndipo mkwiyo wonse umene anaumeza kuyambira ku Lawrence unatuluka.

"Bize! Ine bize!" Kha! "Ndinamusambitsa munthu uja atagwa sitiroko, iwo ali kuti ndi tayi yawoyo?" Kha! "Loweruka teni koloko! Mfiti yovala jekete!" Kha! "Ndi iwenso, pakamwa ngati chitseko cha basi, kuphunzitsa afisi kutsegula khola!"

Ndinangoti eya, Anti, pitirizani. Dzungu linagawika panayi, tebulo linalandira mabala awiri. Anakhala pansi, analowetsa dzanja m'kati, anayamba kutulutsa nthanga n'kumaziyala panyuzipepala, misozi ikugwera pomwepo. Sanandithokoze. Anangoti, "Bweretsa nyuzi ina, izi zachuluka."

Tisanamalize n'kutsuka komwe, foni inalira. Nambala ya ku Malawi. Nkhani inali itawoloka nyanja yamchere pa maola atatu, kuposa thupi la a Chikadza. Amayi anga akukuwa kuti mwamunayo ndi wa kuti, ndipo Vainess ankayang'ana chiyani. Anti anandipatsira foni akuti, "Yankha wekha, unaitenga wekha mimbayo."

Ndiye zinthu zili chonchi. Mizere inapita. Anti salinso mu komiti, ena sawapatsabe moni, ndipo ankolo Bizwick akulamulira filiji yodzaza masamba amene chaka chamawa sadziwa kuti adzamera kuchokera kuti. Nthanga zikuuma pamwamba pa kabati, ndipo Anti agula zidebe zisanu ndi chimodzi zoti adzadzalemo pakhonde chipale chikatha. Ine kutchalitchi azimayi akundiyang'anabe pamimba, ena akuti ndinachotsa. Ndikakumbukira kuti zonsezi zinayamba ndi pakamwa panga ndi soseji imodzi, ndimafuna kudzimenya khofi.

Tsopano ndi nthawi yanu. Inu amene munali m'chipinda chapansi chija n'kukweza dzanja, inu amene munaseka za chambo, lembani pansipa mmene munazionera, dzina lenileni, osati “Mmalawi Wokhudzidwa”. Amene muli ku Dallas, ku Leeds, ku Joni, ndikudziwa gulu lanu lilinso ndi wosunga listi wake, tiuzeni anakuchitani zotani. Ndipo inu ankolo, ndikudziwa mumawerenga. Bokosi la ndemanga lili apo, silifuna kiyi. Tauzani anthu: munati Lachisanu kapena Loweruka?